Madzi saiwala khwawa, ngakhale pamangidwe mpanda

Akuluakulu akale anati madzi saiwala khwawa. Anthu a m'tauni mwambiwu amaudziwa, ena anakhoza nawo mayeso a Chichewa, koma amauiwala akangomva kuti kudambo kuli puloti yotchipa. Malo oterewa amagulidwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, khwawa likuoneka ngati bwalo la mpira. Mwini malo weniweni amafika mu Januwale kapena Febuluwale, usiku, osaodira n'komwe.

A ku Mtandire mu Lilongwe anamulandira mu Febuluwale 2017 pamene Lingadzi anasefukira. Za namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagwetsera matope ndi miyala ya m'phiri la Soche pa Chilobwe, sizosekera: kunali maliro. Nkhani ino ndi ya iwo amene madzi anangowachezera, n'kuwasiyira moyo ndi matope.

Mlendoyu akamapita amasaina pakhoma, mzere wofiirira wolekeza m'mawondo. Apa wanzeru sathamangira tsache, amayamba wazimitsa magetsi a nyumba yonse, pakuti magetsi amene amathima nsima ili pamoto ndi omwewo amayaka munthu ataima m'madzi. Kenako fosholo, matope akadali ofewa. Akauma amakakamira simenti ngati ngongole ya katapila.

Ndipo asaname munthu kuti awa ndi madzi a mvula chabe. Asanalowe pabalaza adutsa m'zimbudzi zokumba za dera lonse. N'chifukwa chake pamafunika majombo, magolovesi ndi klorini, pansi ndi ziwiya zomwe, ndipo madzi a pachitsime salawidwa osawiritsa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo sinkafunsa ngati nyumba ili ndi matailosi.

Chovuta chenicheni ndi katundu. Matiresi a siponji amamwa ngati chidakwa cha pakutha pa mwezi, moti amene mwana ankawanyamula yekha amafuna amuna atatu. Kabati ya matabwa a utuchi imafufuma n'kukhala pansi, koma mbale za alendo zimene palibe anadyerapo zimapulumuka zonse. Chuku sichidikira: masiku awiri okha chayamba kale, ndiye zonse zituluke panja zikaone dzuwa. Pamenepo anansi amayamba kalembera. Wobwera kudzapepesa maso ali pamipando, kuona kuti kunsi kwa nsalu zoluka kuja kunali zigamba. Satifiketi ya MSCE imayanikidwa pachingwe chimodzi ndi matewera.

Chimanga chimene chachita chuku chitayidwe, ngakhale mtima uwawe. Poizoni wake, aflatoxin, sathera pamoto, ndipo kupatsa nkhuku n'kungomutumiza kuti abwerere pambale.

Zikatere bambo wa panyumba amagula penti kuti afufute manyazi. Khoma lonyowa limalavula penti, limafuna masabata angapo mawindo ali otsegula. Ngati ndi la zidina, kapena njerwa zomangira dothi, kunsi kumakhala kutafewa, ndipo mng'alu uliwonse ayambe wauona mmisiri ana asanabwerere kuchipinda.

Ngalande ya kumsewu yokha ndiyo palibe amaikhudza. Ili tho ndi majumbo opyapyala omwe boma linaletsa mu 2015. M'malo mwake bambo uja amakweza mpanda ndi mizere itatu ya njerwa, madzi n'kukhotera kwa mnansi. Mnansi naye amakweza wake. Madziwo amayendera makomo onse moleza mtima mpaka atapeza geti, n'kulowa pansi pake.

Pofika Ogasiti khoma lauma, penti yagwira, banja lasamukira kumtunda. Pageti papachikidwa chikwangwani: "Nyumba ya lendi, madzi ali pafupi." Landilodiyo sananame.