Galimoto yanga yayamba kuponya mateche

Galimoto za kuno kwathu zimabadwa kawiri. Koyamba ku Japan, kachiwiri pa Songwe, mwini watsopano akangolipira msonkho n'kuyamba kuitchula kuti yanyuwani. Yanga ndi Toyota Corolla ya 2004, yomwe inatsika sitima ku Dar es Salaam itatumikira kale mabanja ena. Mita yake imati yadutsa makilomita 200,000, koma mita imeneyi yagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo chiwongolero chosupuka chija chimapereka umboni wina.

Ndinasankha dala ya otomatiki. Anzanga ndimawauza kuti ndi chifukwa cha bondo. Amene anandiphunzitsa kuyendetsa, omwe ankandiona ndikuzimitsa injini pamphambano iliyonse, akudziwa chifukwa china.

Tsopano yayamba khalidwe. Ndikachotsa giya pa P kuika pa D imayamba yasinkhasinkha kaye, kenako gu! Ikamachoka giya yoyamba kulowa yachiwiri imaponya theche ngati bulu wokana ngolo. Mayi a kunyumba analeka kudziphoda m'galimoto. Apongozi aamuna, tikupita ku ukwati ku Dedza, anapirira mpaka pa Nathenje, apo n'kufunsa mwaulemu wonse: "Akamwini, kodi tikugunda ndife kapena akutigunda?"

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, choncho nkhaniyi ndinaitula pamzere wa mafuta, pomwe aliyense ndi dokotala wa galimoto. Mitu inachuluka, denga linapita mbali zinayi. Wina anati giyabokosi yatha, ndigule ina, ndipo mwamwayi mlamu wake anali nayo. Wina anati ndithiremo mafuta a mabuleki pang'ono. Uyu musamumvere, mafuta amenewo amatupitsa malabala a m'kati mpaka kuwaononga. Wachitatu anandikokera pambali n'kundifunsa ngati kumudzi ndinasiyako mangawa.

Ndinakathera ku Biwi, kwa makaniko wina wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Funso lake loyamba linali lakuti, "Bwana, oyilo wa giya munasintha liti?" Ine ndinayankha ndi funso langa: "Kodi nayenso amasinthidwa?" Anyamata a pagalaja anapeza zochita kuseri kwa minibasi, koma mapewa awo ndinkawaona akugwedezeka.

Madalawo anandikhazika pa tayala n'kundiphunzitsa. Akuti m'galimoto ya otomatiki, ntchito imene phazi ndi dzanja langa zinaithawa amaigwira ndi oyilo. Pampu imamukankha kudutsa m'tinjira ting'onoting'ono ta valve body, kompyuta imalamula ma solenoid kutsegula ndi kutseka tinjirato, ndipo oyiloyo ndiye amafinya makalachi a m'kati kuti giya ilowe. Akachepa, akakalamba kapena akadzaza zinyalala, mphamvu imafika mochedwa kapena imafika yonse nthawi imodzi. Theche lija limabadwira pamenepo.

Kuyeza kwake nakonso kuli ndi mwambo. Galimoto iime pamalo osapendekeka, injini itenthe ndipo izilirabe, muyendetse giya m'malo onse mutaponda buleki, mubwerere pa P, ndiye muzule dipisitiki, mupukute, mubwezere, muzulenso n'kuona ngati oyilo wafika pomwe alemba HOT. Ine zaka zonsezi ndinkaona kachitsulo kameneka n'kumaganiza kuti ndi sipeya wa dipisitiki ya injini. Anadontheza oyilo papepala loyera. Watsopano amakhala wofiira. Wanga anali wabulauni wopita kwakuda, akununkha chopserera. Anati ndithokozebe kuti sanali wotuwa ngati wasakanizidwa ndi mkaka, chifukwa zikatero ndiye kuti madzi a radiator alowerera, ndipo nkhani imasanduka ya maliro.

Apa ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndi munthu. Ndinati ndithamange pamsika ndikagule oyilo wofiira aliyense. Anandionetsa zolembedwa pa dipisitiki pomwepo: Type T-IV. Kufiira si dzina, bwana. Ndipo anandichenjeza kuti ndikauze anzanga a ma Vitz ndi ma Sienta, poti zambiri mwa zimenezo ndi za CVT, zomwe zili ndi oyilo wakewake. Kuthiramo wa otomatiki wamba n'kulipira ndalama kuti uphe galimoto yako.

Atamasula chibeseni cha pansi pa giyabokosi anandionetsa maginito omwe amakhalamo. Anali atavala matope otuwa osalala, zomwe akuti n'zachibadwa paukalamba. Chimene ankasaka ndi tizidutswa ta zitsulo, ndipo sanatipeze. Anasintha sefa. Ndinadabwa kuona oyilo wotuluka ali wochepa, ndipo ndinayamba kuyang'ana anyamata aja ndi diso la wapolisi. Kunena zoona, wopitirira theka amatsalira m'kati, makamaka mu torque converter, n'chifukwa chake umayendako kaye n'kudzasinthanso. Zopopa ndi makina kuti atuluke yense tsiku limodzi anakana. Giyabokosi yokalamba, anatero, ukaivundula zinyalala zimakatseka tinjira tija.

Kenako anati ndiponde buleki ndi kuika pa R, iwo akuyang'ana pansi pa boneti. Injini inadzuka ngati ikufuna kutsika. Mounting imodzi, labala yogwira injini ija, inali itang'ambika kalekale. Gu! uja theka lake linali limenelo, giyabokosi inkangosenza mlandu wa mnzake.

Chomaliza anabweretsa kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, n'kufunsa ngati nyali ya check engine imayaka. Ndinati sindinaionepo, ndipo sindinaname, poti pamalopo ndinaikapo chithunzi cha mwana wathu woyamba. Atachichotsa, nyali inali ikuwala mokhulupirika. Kamakinako kanaloza sensa ya pa throttle, imene imauza kompyuta mmene ndapondera moto. Ikamanama, kompyuta imasintha giya panthawi yolakwika.

Ndalama zimene ndinasiya kumeneko zinali zowawa, koma sizinafike pa mtengo wa giyabokosi ya mlamu uja. Mateche achepa, sanatheretu. Madalawo anandiuza mosabisa kuti makalachi akadyeka palibe oyilo amene angawameretse, ndipo anandipatsa malamulo: ndiziima kaye ndithu ndisanaike pa R, ndileke kuisandutsa lole ya matumba a chimanga nthawi yokolola, ndipo batire ikafa ndisavutitse ana a eni kuti akankhe, otomatiki siilira ndi kukankha. Lachitatuli ndinalilandira mwakachetechete, poti ana a m'dera lathu amandithawa kale.

Choncho mukaona Corolla yotuwa pa M1 ikukwera mtunda wa Linthipe mwaulemu, dalaivala atagwira chiwongolero ndi manja awiri uku akunong'ona, musaimbe hutala. Pitirirani kumanja, ife tikupezani.