Chikomekome cha Mkuyu pa Mathiriro a Luangwa

Mwambi wakuti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" umanenedwa kawirikawiri pochenjeza anyamata ofuna mbeta, koma ukaunikidwa bwino umapezeka kuti ndi chiphunzitso chathunthu cha usodzi wa mbedza, pakuti nyambo ndi mkuyu woumbidwa ndi munthu, umene nyerere yake ndi yachitsulo. Malo oyenera kuyeserapo chiphunzitsochi ndi tauni ya Luangwa ku Zambia, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Mpaka mu 1964 tauniyi inkatchedwa Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika, motero nkhani ya katundu wokongola kunja siyachilendo kumeneko.

Nsomba yotchedwa carp, imene kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia, ku Zambia imawetedwa m'maiwe, koma abale ake a mtundu wa Labeo, a fuko limodzi ndi nchila ya ku Malawi, ndi eni madzi a Zambezi. Banja lonseli lilibe mano pakamwa, mano ake ali kukhosi, ndipo carp imayamwa chakudya pansi pa madzi, n'kuchilawa, n'kuchilavula msanga ikamva chachilendo. Kunena kwina, nsombayi imayamba yang'amba mkuyu isanadye, khalidwe limene anthu ambiri olandira uthenga wa pafoni wowauza kuti apambana ndalama pa mpikisano umene sanalowe nawo sanaliphunzirebe.

Nyambo yoyenera nsomba yokayikira chotere sichokera kutali. Nsima yotsala dzulo, ikakandidwa pamodzi ndi gaga mpaka italimba moti madzi oyenda sangaisungunule msanga, imagwira ntchito; chimodzimodzinso chimanga chophika mpaka kufewa, nyongolotsi za m'dimba, ndi inswa nthawi yake ikakwana. Mbedza ikhale yaing'ono, chifukwa kamwa ya Labeo ili kunsi ndipo inazolowera kupala ndere pamiyala, osati kumeza chitsulo chokolera mlamba. Cholemetsa, ndiko kuti kamtovu komiza nyambo, chibooledwe pakati kuti chingwe chiziyenda momasuka, kuti nsomba ikakoka isamve kulemera n'kuzindikira kuti mkuyuwo uli ndi mwini wake.

Ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Len Middleton ndi Kevin Maddocks anatulukira kamangidwe kotchedwa hair rig, kamene nyambo sibayidwa pambedza koma imalendewera pa kaulusi kakafupi pambali pake, kotero kuti nsomba ikayamwa nyambo mbedza imalowa nayo, ndipo ikafuna kulavula m'pamene imakodwa pamlomo. Apa nzeru za anthu zinaposa mwambi, popeza nyerere inatulutsidwa mumkuyu n'kuikidwa pakhomo, pamene wochenjera sayang'anapo. Asodzi a ku South Africa ali ndi nyambo yawo yotchedwa mieliebom, chibulunga cha chimanga chogaya chimene amachiumbira pafupi ndi mbedza kuti chizisungunuka pang'onopang'ono n'kuitana nsomba. Mayi aliyense wa m'midzi ya kwa Mburuma kapena kwa Mphuka atachiona angangofunsa chifukwa chimene munthu wamkulu akutayira ndiwo ndi ufa womwe m'madzi.

Komabe nyambo yokola kwambiri masiku ano simira m'madzi konse, imapachikidwa m'sitolo za ku Lusaka ndi pa intaneti. Kumeneko kuli ndodo zonyezimira, timabelu ta batire tolira nsomba ikagunda chingwe, ndi timibulu ta nyambo tonunkhira ngati zipatso zimene nsomba ya mu Zambezi sinazionepo chibadwire. Mlenje wa m'tauni amayamwa zonsezi osalavula ngakhale chimodzi, ndipo pofika pa gombe amakhala atakodwa kale, chikwama chitapepuka. Belu lake likalira, kawirikawiri amakhala mcheni, nsomba ya mano ngati misomali, umene umadula chingwe chopanda waya n'kupita ndi katundu yense wa mtengo wapatali, pamene mnyamata wa bango ndi nsima ali chapafupi akutunga nsomba yachisanu pa kamtengo.

Nthawi ndi malo sizifuna ndalama. M'bandakucha ndi madzulo ndiye nthawi yake, makamaka mu Okutobala pamene dzuwa la m'chigwa limathamangitsa munthu ndi nsomba yomwe, ndipo malo ake ndi pamene madzi amabwerera n'kudekha kuseri kwa mchenga kapena mwala. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, choncho nyengo imeneyo nsima yotsala ndi ya nkhuku.

Langizo limene akatswiri a carp amalikonda koposa ndi lothira nyambo pamalo amodzi masiku angapo motsatizana, pa ola lomwelo, kuti nsomba zizolowere kudyera pamenepo mopanda mantha. Langizoli linabadwira m'maiwe a ku Ulaya kumene choopsa chachikulu ndi chimfine, ndipo pa Feira liyenera kulandiridwa mosamala, pakuti ng'ona nayo imaphunzira ola ndi malo amene munthu amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo kwa iyo mlenje wonenepa wokhala chete m'mphepete mwa madzi ndi mkuyu wopanda nyerere. Ochenjera amasinthasintha malo, amakhala patali ndi madzi akuya, ndipo sasambira m'manja pamene anatumbulira nsomba.

Mlenje wa m'tauni uja, ng'ona ikamuleka, amabwerera ndi msewu wokafika ku mlatho wa Luangwa pa Great East Road, kumene amayi ogulitsa nsomba zouma amamulandira mwaulemu, osamufunsa za ndodo zimene zili pamwamba pa galimoto. Akafika kunyumba amafotokoza kuti kutentha kwa ku Feira n'koopsa, moti nsomba zonse zimene anagwira zinaumira m'njira.