Phazi silidula tikiti

Amene amanena kuti makhonsolo a m'mizinda yathu sasamala njira za oyenda pansi akuwalakwira akuluakuluwa. Njirazo zikugwira ntchito usana ndi usiku, kungoti ntchito yake si yoyendamo. Tadzerani mumsewu wa Haile Selassie ku Blantyre kapena wa Malangalanga ku Lilongwe mudzionere nokha. Apa payalidwa kaunjika, apo chiwaya cha tchipisi chili pamoto, patsogolo bwana wakweza matayala awiri a galimoto yake, ndipo pakampata kotsalako wakabaza akuimba hutala kuti mumupatukire. Woyenda pansi watsikira pa tala kukalimbana ndi maminibasi, kondakitala n'kumamufunsa ngati maso anawasiya kunyumba. Akati abwerere m'mbali, ngalande ili kukamwa yasa, chivundikiro chake chinapita kalekale kwa ogula zitsulo zakutha.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wosamala mizinda pamodzi ndi mphamvu zotolera misonkho. Nkhani yagona pamenepo. Wagalimoto amalipira poimika, wamumsika amadula chiphaso, mwini nyumba amalipira msonkho wa malo, koma phazi silidula tikiti, choncho m'mabuku a khonsolo phazi mulibe. Ena ati ndalama n'zochepa, komanso misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority. N'zoona, koma kuuza bwana kuti atsitse matayala ake sikulira thumba la simenti, ndipo wotolera ndalama zoimikira amatulukira injini isanazime. Maso alipo, amangosankha choona. Ena ati zinthu zinasokonekera pamene dziko linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. Makhansalawo anabwerera, koma zivundikiro sizinabwere nawo.

Dandaulo lomveka ndi lakuti mavenda nawo ali ndi ana ofunika kudya. Adye ndithu. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavendawo m'misewu, koma anabwerera mmodzimmodzi, ndipo amene anawaitana ndi ogula. Mayi yemwe m'mawa amatukwana kuti tauni yasanduka msika, madzulo ndi yemweyo akunenerera tomato kudzera pawindo la minibasi, ati kulowa mumsika n'kutali ndiponso muli matope. Khonsolo ikabwera ndi lole kudzalanda katundu, ogula omwewo amaima chapatali n'kumakuwa kuti asiyeni anzathu, ena atanyamula kale jumbo ya anyezi amene sanalipire.