Saladi ya Chigiriki Yafika ku Fingoé

Lamulungu lapitali achimwene anandiitanira nkhomaliro kwawo, kuseri kwa msika wa ku Fingoé. Anali atapha mbuzi. Ndinasamba m'manja, nsima inabwera ikufuka nthunzi, ndipo dzanja langa linali litanyamuka kale pamene alamu anatulukira ku khitchini n'kunena kuti, "Pepani alamu, tadikirani pang'ono. Msuzi wa saladi sunakonzeke."

Msuzi wa saladi! Masamba osaphika anayamba liti kukhala ndi msuzi wawowawo, mpaka nyama ya mbuzi kumaima pamzere?

Alamuwa anapita ku Tete kukaona mng'ono wawo, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: kanema wa pafoni wophunzitsa saladi ya Chigiriki, ndi botolo la azeite, mafuta a azitona aja ife tinkangowamva m'tchalitchi. Botolo limeneli lili ndi mbiri yoposa ya abale ena a m'banja mwathu. Kuchokera pa Bene mpaka kuno linayenda lili pamiyendo, atalikulunga m'chitenje chatsopano, khanda atalipatsira kwa mayi wachilendo wa pampando wakumbuyo. Amene mukuudziwa msewu umenewu, wopitirira mpaka ku Zumbo, mukudziwa kuti munthu amatsika galimoto mafupa atasinthana malo. Botolo linafika lamoyo. Pano limagona ku chipinda, m'sutikesi momwe muli chiphaso cha ukwati ndi makadi a kusikelo, ndipo likamatuluka wailesi imazimitsidwa.

Analiika patebulo, foni n'kuitsamiritsa ku jagi ya madzi. Mzungu wa m'foniyo anati masupuni atatu a mafuta pa supuni imodzi ya viniga (apa sananame, ndiwo muyezo umene ophika ambiri amatsata), kenako adyo wosinja, mchere, tsabola wakuda ndi katsamba kouma kotchedwa oregano. Supuni yoyamba inathiridwa tonse tili duu. Dontho limodzi linatsetsereka m'mbali mwa botolo, alamu analipulumutsa ndi chala n'kulibwezera kwawo. Pa supuni yachiwiri mzungu uja anauma, kukamwa kuli yasa. Mayunitsi atha. Mwana anathamangitsidwa ku msika, ife n'kutsala tikuyang'anizana ndi mano a mlendo wa m'foni, palibe wolimba mtima kuthira supuni yachitatu popanda chilolezo chake. Apa n'kuti nsima itayamba kuuma pamwamba.

Zonse zitalowa m'botolo lakale la mayonezi, kukhutchumula kunayamba. Mafuta ndi viniga sizigwirizana: ukakhutchumula zimasakanikirana kwa kanthawi, ukangosiya mafuta amakwera pamwamba. Odziwa amathirako masitadi pang'ono kuti zigwirane nthawi yaitali. Alamu masitadi analibe, ndiye anagamula kuti vuto ndi ulesi wa okhutchumula. Anayamba okha, napatsira mwana wamkulu, wamkulu napatsira wamng'ono. Mnyamata wina amene anangobwera kudzabwereka pampu ya njinga naye analembedwa ganyu wopanda malipiro. Ine, mlendo woitanidwa, gawo langa linandipeza. Ndikati ndipumeko, alamu ankatenga botolo n'kuliunika pawindo, akupukusa mutu. "Aa, alamu, zapatukananso. Simukuikapo mtima." Mtima wanga unali m'mbale ya chiwindi.

Koma zenizeni zinali m'beseni la saladi. Agiriki amaikamo matimati, nkhaka, anyezi, zipatso za azitona ndi tchizi woyera wamchere wotchedwa feta. Matimati ndi anyezi tili nazo, madimba a kuno sanatichititsepo manyazi. Pa zotsalazo mzungu uja anati ngati mulibe mutha kusintha ndi zimene muli nazo, ndipo mawu amenewa ndi amene asokoneza boma lathu lonse la Marávia. M'malo mwa azitona alamu anaponyamo masawu, poti kukula kwake n'kofanana. M'malo mwa feta anaduliramo mazira owiritsa, "nawonsotu ndi oyera." Nkhaka zinasowa pamsika, zipwete zinalowa m'malo. Oregano anakamufunafuna m'masitolo onse, ogulitsa n'kumafunsa ngati ndi mankhwala a ng'ombe, mpaka alamu anangopita kuseri kwa bafa n'kuthothola mpungabwe, tsamba lomwe lija timathamangitsira udzudzu m'nyumba. Kunena zoona, tsiku limenelo palibe udzudzu umene unatiyandikira.

Ndipo matendawa akufalikira nyumba ndi nyumba. Mkazi wa aphunzitsi ena akuti amathira madzi a bwemba chifukwa viniga amawapweteka pamtima. Wina anathira malambe mpaka msuzi unalimba, ana n'kumaudya ndi supuni m'mawa popita ku sukulu. Mayi wa pa baraka ina anatenderamo nsinjiro n'kuwazamo kapenta wa ku Cahora Bassa, akuti kuti ikhale yokhutitsa. Winanso mafuta a azitona analibe ngakhale dontho, koma anabwereka botolo lopanda kanthu la azeite, n'kuthiramo mafuta a mpendadzuwa, n'kuliimika pakati pa tebulo chizindikiro chikuyang'ana alendo. Onsewa amati aphika salada grega. Mgiriki atadzasochera n'kufika kuno adzadya, adzayamikira, kenako adzafunsa dzina la ndiwo zachilendozi.

Alamu sindikuwada, iwo anavutika ndi kukhetsa thukuta. Amene anandikwiyitsa ndi achimwene, pamodzi ndi amuna onse a mtundu wawo. Munthuyu tinakulira limodzi, tinkakumba mbewa limodzi, mapazi ake ndimawadziwa mng'alu uliwonse. Maulendo ake aatali ndi wa ku Petauke kukagula matayala a njinga ndi wa ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Koma anatapa masawu onyowa ndi mafuta, natsinzina, nagwedeza mutu pang'onopang'ono, nati, "Eee, ndi mmene imakhalira ku Europe." Mwaidziwa liti Europe, achimwene? Foloko anaigwira ngati akukapalira nayo fodya. Limodzi mwa masawuwo linaithawa foloko, n'kudumpha tebulo lonse kukagwera m'kapu ya mwana, iwo n'kupitiriza kutafuna osaphethira. Nthangala zonse anameza, poopa kulavula pamaso pa dziko la Greece.

Amuna oterewa mumawadziwa. Akagula magalasi a dzuwa amavala mpaka usiku. Foni amayankha m'Chipwitikizi ngakhale oimbawo ali mayi awo owabala. Ndalama ya fodya ikalowa amaiwala dzina la thelere, ikatha amalikumbukira ndi mfunda womwe. Achimwenewa anandiuza, ine, kuti ndisamatape saladi ndi nsima chifukwa "sizimayenda choncho." Dzuwa litapendeka ndinawapeza kuseri kwa khola atanyonyomala, akukombeza mphika ndi chala.

Mumphikamo munali khwanya wotendera amene amayi athu anaphika m'mawa. Amayi ali ndi zaka zambiri ndi mano ochepa, ndipo anadzuka mbandakucha kusinja mtedza kuti ana awo adye. Khwanyayo sanafike patebulo. Akuti sakanagwirizana ndi zinazo. Amayiwo anadyera pamphasa pakhonde, okha, akumva ife tikuwomba m'manja chifukwa cha mazira ndi mpungabwe. Apa kuseka kunandithera. Sanadandaule, anangondifunsa potsanzikana ngati mafuta a m'sutikesi aja ndi odzola kapena ndi a m'tchalitchi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ku Greece komweko saladi imeneyi ndi chakudya cha alimi. Amadula matimati a m'munda mwawo, kuikapo chibenthu cha tchizi, kuthira mafuta a mitengo imene anabzala makolo awo, basi kudya ndi buledi. Ambiri sakhutchumula n'komwe botolo, ndipo letesi saikamo. Zawozo amazinyadira mpaka kupita nazo ku milandu. Mu 2002 bungwe la European Union linalembetsa dzina la feta kuti ndi la Agiriki okha, mayiko a Denmark ndi Germany anakasuma, koma mu 2005 khoti linati Agiriki akhoza. Lamulo lake limanena ngakhale za mkaka: ukhale wa nkhosa, ndipo wa mbuzi usapitirire 30 peresenti. Ife kuno mbuzi zili paliponse, zina zimagona pamsewu n'kumayembekeza kuti galimoto ndiyo ipatuke. Nyama yake, cabrito de Tete, inalembetsedwa mwalamulo kuti ndi ya chigawo chino, ndipo odziwa amati kukoma kwake kumachokera ku masawu ndi malambe amene mbuzizo zimadya kutchire. Ndiye taganizani: nyama yotchuka chonchi inali kuzizira m'mbale, mafuta akugwirana, kudikira kuti ife tiyambe tamaliza kudya chakudya cha mbuziyo.

Komabe msuziwo pawokha si woipa, ndisauchimwire. Nyama yowotcha ikakhala yonona, kanthu kowawasa pambali kamatsitsimula m'kamwa. Tengani masupuni atatu a mafuta ophikira omwe muli nawo, supuni imodzi ya madzi a ndimu, adyo pang'ono, mchere ndi piripiri, mutakase ndi foloko m'kapu. Muthire nthawi yodya yomweyo, chifukwa mchere umakoka madzi m'matimati ndipo mukafulumira saladi imasanduka chithaphwi. Mukafuna kusintha, bwemba amagwira bwino ntchito ya ndimu. Mphindi ziwiri zatha, mayunitsi osagula, mnyamata wa pampu osamugwira ukapolo. Ndi zomwe amayi a m'mabaraka akhala akuika pambali pa nkhuku yowotcha kuyambira kale, popanda kutchula dziko la eni.

Choncho inu amene mukuganiza zondiitana Lamulungu likubwerali, ndibwera, sindikana mbuzi. Ngati m'nyumba mwanu muli botolo logona m'sutikesi, khutchumulani Loweruka usiku ndi ana anu omwe. Khwanya wa amayi abwere patebulo pamodzi ndi mwini wake. Ndipo chonde, mpungabwe ndi wa udzudzu.