Mmene ndinasokonezera kafukufuku wa mafunso 37

Ganyu yake inkaoneka yopepuka: kugawa mapepala, kudikira anthu ayankhe, n'kutolera. Ndinali pa sukulu ya ukachenjede ku America, ndipo aphunzitsi anga anandituma ku holo ina kumene kumasonkhana amuna okondana ndi amuna anzawo komanso akazi okondana ndi akazi anzawo.

Mapepalawo anali a Gender Role Conflict Scale, mafunso 37 amene James O'Neil ndi anzake anatulutsa mu 1986. Cholinga chake n'kuyeza mmene munthu amapsinjikira ndi zimene anthu amati mwamuna weniweni azichita. Woyankha amasankha nambala, kuyambira 1 ngati akukanitsitsa mpaka 6 ngati akuvomereza kwathunthu. Mafunso ena amakhudza mpikisano ndi kufuna kulamulira, ena kubisa zakukhosi, ena kukokana kwa ntchito ndi banja. Mafunso 8 amafunsa ngati mwamuna amamangika posonyeza chikondi kwa mwamuna mnzake. Poyamba anawayesa pa anyamata a m'makoleji, choncho aphunzitsi anga ankafuna kuona ngati muyezo womwewo ungagwire ntchito pa anthu amene sanali m'maganizo a olembawo. Akazi anali ndi pepala lawo, losinthidwa mawu pang'ono.

Anandichenjeza kuti ndisamasulire funso lililonse. Ndinamva, koma sindinamvetse chifukwa chake.

Bambo ena aimvi anakweza dzanja. "Mwana wanga, apa akunena za kukumbatira mwamuna. Mwamuna wake uti? Wakunyumba kwanga, kapena anzanga a kuntchito?" Ndinachita manyazi kuwasiya osawayankha munthu wamkulu, ndiye ndinati, "Ganizirani za akunyumba, bambo." Anamwetulira n'kulemba 1. Patapita kanthawi mnyamata wina anafunsa zomwezo. Nditaganiza kuti O'Neil ankanena za ubwenzi wamba, ndinamuuza kuti aganizire za kuntchito. Iye analemba 6, nandinong'oneza kuti kuntchito sakhudza ngakhale phewa la mwamuna aliyense, kuopa kuti angamudziwe. Amene anakhala pafupi ndi awiriwa anamva, aliyense n'kutsata zimene zinamufika m'khutu.

Mayi ena anandiitana pa mafunso a banja. Makolo awo anawakana kalekale, ndipo amakhala ndi mkazi mnzawo ndi ana awiri. "Banja lake liti?" Ndinati asankhe lomwe akufuna.

Nditawafotokozera aphunzitsi, anakhala chete kaye. Kenako anandiuza kuti kufunsa kwa anthuwo n'kumene kafukufuku ankasaka. Mafunso 8 aja anabadwa pa mantha amene amuna ambiri ali nawo oti angaoneke ngati okonda amuna anzawo. Kwa munthu amene amakondadi mwamuna mnzake, 6 akhoza kutanthauza manyazi a mumtima, akhozanso kungotanthauza kusamala kuti asachotsedwe ntchito kapena kumenyedwa panjira. Anthu akanayankha mwa okha, masamu akanaonetsa ngati mafunsowo akuyendera limodzi kapena akumwazikana. Ine ndinali nditawagawa anthu pawiri ndi pakamwa panga. Ndipo popeza mapepala analibe mayina, pofuna kuteteza oyankha, panalibe njira yodziwira amene ndinamuuza chakuti. Onse a tsiku limenelo anaikidwa pambali.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si ntchito imene inatayika ayi. Ena mwa anthuwo anabwera mobisa, abale awo osadziwa, n'kuulula papepala zinthu zimene sanauzepo aliyense. Ndinabwererako kukapepesa. Ambiri sindinawapeze. Bambo aimvi aja analipo, ndipo anavomera kuyankhanso, koma anapempha kuti kumapeto kwa pepala kukhale malo oti munthu alembe m'mawu ake amene ankamuganizira poyankha. Aphunzitsi anavomera, ndipo ine anandisamutsira ku ntchito yolowetsa mayankho mu kompyuta.