Ikaola Imodzi: Kugulira Ndiwo Alamu Osadya Nsomba

Makolo athu ankati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Ponena mawuwa ankayang'ana m'dengu la msodzi, ndipo m'dengumo mwambiwu ulibe bodza. Nsomba imayamba kuonongeka m'mimba ndi mopumira, momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timakhalamo kale isanafe. Ikangofa, dzuwa limatipatsa mphamvu tizilomboto, mimba imafewa n'kuphulika, madzi ake n'kumachuchira zinzake zapansi. Pofika masana dengu lonse layamba kudziitanira lokha ntchentche za mudzi wachitatu.

Koma masiku ano kwabadwa mtundu wa anthu amene mwambiwu anautulutsa m'dengu n'kuulowetsa m'mutu. Awa ndi aja amati mwawapatsa madzi osamba m'manja, mwavundukula mbale ya ndiwo, iwo n'kukwinya mphuno mwaulemu: "Pepani, ine nsomba ayi."

Mukawafunsa mofatsa mudzapeza kuti mlandu wonse unapalamulidwa ndi nsomba imodzi, ndipo nsombayo inafa kalekale. Wina munga unamuima pakhosi ali Sitandade 2, agogo ake n'kumumezetsa mbamu ya nsima yosatafuna uku akumumenya kumsana. Wina anakhala zaka zinayi kusukulu yogonera komweko akukukuta matemba oyanikidwa pansi, mchenga uli gwedegwede m'mano, msuzi wake madzi ndi mchere. Wina anakwera minibasi atakhala pampando wakutsogolo, nsomba za dalaivala zikulendewera pa galasi loonera kumbuyo, mphepo ikumubweretsera uthenga wake kuchoka ku Liwonde mpaka ku Limbe. Kuyambira tsiku limenelo khoti linagamula, ndipo apilo kulibe: chambo, usipa, kampango, utaka, mcheni, zonse zaola.

Chondidabwitsa n'chakuti mwambiwu anthu amenewa amausankhira pougwiritsa ntchito. Bambo yemweyo amene nsomba imodzi ya 1998 inamudanitsa ndi nyanja zonse za m'Malawi, mowa unamugwetsapo m'ngalande, unamusanzitsa, unamutayitsa foni ndi nsapato imodzi, koma Lachisanu likafika simudzamumva akuti botolo likaipa limodzi onse aipa. Kumeneko amakhululuka msanga, mtima wake ndi wa mbusa. Nsomba yokha ndiyo ilibe loya.

Kutauni munthu wotere savutitsa. Mumuthamangira pa okala n'kumugulira mazira kapena soya pisi, nkhani yatha. Tsoka limagwa akabwera kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ku Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba. Kuno mawu akuti ndiwo ndi mawu akuti nsomba amayenda limodzi, ndipo mlendo wolemekezeka timamulemekeza ndi nsomba yaikulu. Ndiye taganizani: alamu anu a ku Area 25 abwera kudzaona kwawo kwa mkazi wawo, atsika pa kabaza fumbi lili mbuu m'tsitsi, apongozi awayalira mkeka, kenako mlongo wanu akukukokerani kuseri kwa nkhokwe n'kukunong'onezani kuti, "Achimwene, bambo a kunyumbawa nsombatu sadya." Mukayang'ana pabwalo, nkhuku zonse zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi yofungatira.

Apa munthu wanzeru amayamba wafufuza ngati woweruza, chifukwa osadya nsomba ali m'magulu. Pali amene nsomba zimawawenga, akadya thupi limatuluka zidzolo kapena kutupa. Amenewo asiyeni, musayese dala, chipatala chili kutali. Pali a mpingo, monga a Seventh-day Adventist, amene potsata Levitiko 11 sadya nsomba yopanda mamba. Amenewo mlamba musawaonetse n'komwe, ndipo kuwabisira mu msuzi n'kupanda ulemu. Gulu lachitatu ndilo lathu: anthu amene alibe matenda, alibe lamulo, angokhala ndi chikumbumtima cha nsomba imodzi yoola. Awa amachiritsika, koma mankhwala ake akagulidwe padoko, m'mawa.

Mwayi wake, Chilwa siisokoneza mutu ngati nyanja ya Malawi yokhala ndi mitundu ya nsomba mazanamazana. Kuno nsomba zodziwika pamsika ndi zitatu: matemba, mlamba ndi makumba. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imangothiramo, madziwo n'kumachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsala. Ndi yosaya, yamatope, ndipo nsomba zolekerera moyo wotere n'zochepa. Ngakhale David Livingstone atafika kuno mu 1859 anaona kuti madzi ake ngowawira. Choncho alamu anu sali oyamba kubwera kuchokera kutali n'kuyamba kudandaula.

Matemba ayikeni pambali. Ine ndimawakonda, makamaka okazinga ndi tomato wambiri pa nsima ya mgaiwa, koma matemba amadyedwa athunthu, mutu, maso, matumbo ndi zonse, ndipo kakuwawa kake kamachokera m'matumbomo. Kwa ife n'kukoma, kwa wophunzira ndi chilango. Komanso ndi matemba omwewa amene anamulakwira kusukulu kuja. N'zoona kuti zinthu zinasintha: amayi a m'magulu okonza nsomba ku Kachulu anaphunzira kuyanika m'matenti a pulasitiki otenthedwa ndi dzuwa, pamathandala, kutali ndi mchenga ndi ntchentche. Koma munthu amene anavulala mtima simumuyambitsa ndi mdani wake, ngakhale mdaniyo atasamba.

Mlamba ndiye msampha weniweni. Mukafuna nsomba yatsopano kuposa zonse padoko, ndi iyeyo, chifukwa mlamba umatha kupuma mpweya wa kumtunda ndipo umakhala wamoyo nthawi yaitali uli kunja kwa madzi. Mumaugula ukupiringizika m'beseni. Koma tayang'anani nkhope yake: mutu waphwatalala, ndevu zisanu ndi zitatu, timaso tating'ono tokuyang'anani ngati mkulu wa katapila amene munamuthawa mwezi watha. Thupi lake n'loterera, lofuna phulusa kapena madzi otentha kuti muligwire bwino. Nyama yake ndi yamafuta, ndipo nthawi zina imakhala ndi kafungo ka dothi lonyowa kochokera ku ndere za m'madzi osayenda. Mlamba wowamba bwino, wothira nsinjiro, ndi ndiwo ya mafumu. Koma imeneyo ndi Fomu 4, alamu anu akadali ku mkaka phala.

Atsala makumba, ndipo yankho lili pamenepo. Makumba ndi abale ake a chambo, onse a mtundu umene a sayansi amautcha Oreochromis, ndipo achibale awo ndi omwe alimi amaweta m'maiwe a ku Domasi, kumene kuli likulu la boma loona za ulimi wa nsomba. Nyama yake ndi yoyera, yopanda mafuta ambiri, yosanunkha, ndipo minga yake ili pamzere woti munthu amaiona. Pano pali chinsinsi chimene mlongo wanu mwina sanakuuzeni. Tsegulani Facebook ya alamuwo, mubwerere m'mbuyo mpaka pa msonkhano wa kuntchito umene anakachitira ku Mangochi. Mupeza chithunzi: iwo ali mwee, patsogolo pawo mbale yoyera, chambo chochotsa minga chili pambali pa tchipisi, kandimu kali pamwamba. Nsomba ikavala suti amadya. Chimene amadana nacho ndi fungo, mutu ndi minga, ndipo zitatu zonsezi zimatheka kuzichotsa.

Tsono kagulidwe. Dzukani tambala woyamba, mukafike padoko dzuwa lisanapse, mabwato akungofika. Musatume mwana, mwana amagula kwa amene wamusekerera. Musagulenso pa chithunzi cha pa WhatsApp, chifukwa pafoni nsomba siola: chithunzi cha Lolemba chimagulitsa nsomba mpaka Loweruka. Pitani nokha ndi maso, chala ndi mphuno.

Diso la nsomba yatsopano limakhala lowala, lotukuka, loyera mbee m'mbali. Likalowa m'kati n'kuchita chifunga, nsombayo yaona zambiri. Tsegulani m'mbali mwa mutu momwe imapumira: mukhale mofiira bwino, osati motuwa kapena moterera zonanda. Dinani pamsana ndi chala. Mnofu ukabwerera m'malo, gulani. Chala chikasiya dzenje, perekani moni n'kupitirira. Mamba akhale ogwira, mimba yolimba. Pomaliza nunkhizani, osachita manyazi: nsomba yatsopano imamveka madzi a m'nyanja basi. Fungo lija anthu amalitcha fungo la nsomba kwenikweni ndi fungo la nthawi imene yadutsa.

Kunyezimira kokha kusakunamizeni. Wogulitsa aliyense ali ndi kachitini ka madzi kowazira malonda ake, ndipo nsomba ya dzulo ikawazidwa imaoneka ya lero kwa mphindi zingapo. Ntchentche nazo si mboni yodalirika, pakuti za padoko zimayendera aliyense mosakondera. Funsani kumene nsombazo zachokera. Asodzi ena amakhala masabata m'zimbowera, tinyumba tija toyandama tomanga ndi udzu pakati pa nyanja, ndipo nsomba yochokera kumeneko imayenda maola ambiri m'bwato lopanda ayezi. Ina inakodwa m'matchera madzulo, n'kufera m'madzi usiku, mzere wa ukonde uli pakhosi. Zonsezi zimafika padoko nthawi imodzi ndi yogwidwa m'bandakucha, ndipo zimaunjikidwa mulu umodzi.

Pa mulu pamenepo ndiye mwambi wa makolo ukumbukeni ndi mtima wonse. Zapamwamba zimakhala akazembe, zonenepa, zowala. Yapansi ndi imene mayi wogulitsa akuipempherera kuti ichoke. Tembenuzani imodziimodzi. Akakuuzani kuti, "Bambo inu, mukusankha ngati mukufunsira mbeta," muwayankhe kuti, "Mayi, kunyumba kuli mlendo wovuta," adzakumvetsani, nawonso ali ndi alamu. Ndipo chenjerani ndi basela. Palibe wamalonda amene amapereka nsomba yake yabwino koposa kwaulere. Kabasela kofewa mimba kaja mukakaponya m'jumbo limodzi ndi zinzake, n'kuyenda nako padzuwa, mwagula mwambi wonse ndi ndalama zanu.

Mukafika kunyumba musayambe macheza. Palani mamba, tumbulani, chotsani mopumira monse, ndipo kandani kachikopa kakuda ka m'mimba mpaka muyere, chifukwa kuwawa kumabisala m'menemo. Tsukani ndi madzi a pa mjigo, osati a m'nyanja, pakuti kolera kuno timamudziwa. Dulani mutu, muusunge, ndi wanu ndi apongozi. Chekani mnofu m'mbali mwa msana kuti minga itsale pa fupa, pakani mchere, adyo ndi madzi a mandimu, amene amapha kafungo kotsalira. Kenako kazingani m'mafuta otentha kwambiri mpaka kunja kuchite khirichi, kapena otchani pa makala. Msuzi wa tomato muphike padera. Kuwiritsa nsomba m'madzi kuti nyumba yonse idziwe, kumeneko n'kudziitanira mlandu. Mpunga wa ku sikimu ya Likangala uli pafupi, ndipo anthu a kutauni akaona mpunga mtima umakhala pansi.

Ena amati mlendoyo muzimunamiza kuti ndi nkhuku. Ine ndikukana. Bodza la ndiwo limaululika ndi kamunga kamodzi, ndipo likaululika mwaoletsa zonse kachiwiri, ulendo uno pamodzi ndi dzina lanu. Muuzeni zoona: "Alamu, awa ndi makumba, m'mawa uno anali m'madzi. Talawani kachidutswa, mukakana sitikwiya." Ndipo musamuyang'anitsitse pamene akutafuna. Ana onse aja aima pakhomo kudikira chigamulo, athamangitseni.

Akayamba kulimbalimba, mukhoza kumukumbutsa mbiri ya nyanja imene akuinyozayo. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato a ku Kachulu anakhala pa dothi long'ambika, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Zaka zimenezo nsomba zinafadi zambirimbiri, mwambi unakwaniritsidwa mpaka m'mphuno. Koma zochepa zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo pambuyo pa 1995 mafumu ndi asodzi anagwirizana zoteteza malo amenewo, mpaka makomiti a m'madoko anakhazikika. Madzi atabwerera, nsomba zinabwerera. Pa zaka zabwino nyanja yomweyi yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zogwidwa m'dziko muno, ndipo inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Nyanja yathunthu inafa kangapo n'kuyambiranso, koma munthu wamkulu, wa digiri, akusungirabe chakukhosi matemba a ku hositelo.

Zikatheka, mudzaona dzanja likubwerera m'mbale kachiwiri, kenako funso lamanyazi lakuti kodi zatsalako zoti n'kunyamulira ana. Musanyade msanga, ndipo musawapakire zaziwisi m'chikwama cha zovala kuti akwere nazo basi ya ku Lilongwe, mungabale osadya nsomba ena khumi ndi asanu m'basimo. Akakanabe pambuyo pa zonsezi, musawakakamize ndipo musawanene kumbali. Akazingireni mazira a nkhuku yofungatira ija, muwapatse ndi chisoso. Makumbawo musataye: itanani ife aneba, tibwera ndi mbale zathu.