Alamu, kuno akuyimbira mpopi

Randburg, Johannesburg

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kwa Kalulumako pamodzi ndi achemwali ndi ana. Ine ndili gwa, kungoti makutu ndiwo akuona zakuda.

Bwana amene ndimamusamalira maluwa ndi nkhalamba yobadwira ku England. Loweruka lililonse akangoyatsa makala ootchera nyama, amatulutsa chimbale chakuda chozungulira chija, cha gulu lotchedwa The Cure. Ndi chimbale chawo choyamba, Three Imaginary Boys, cha mu 1979, Kamuzu akadali ndi litchowa m'manja. Anali anyamata atatu a ku Crawley: Robert Smith woyimba ndi kukhwatcha gitala, Michael Dempsey pa bezi, Lol Tolhurst pa ng'oma. Mayimbidwewo akuti ndi post-punk, a ana amene anatopa ndi chiphokoso cha punk n'kuyamba kuthirako kamchere.

Nyimbo yoyamba, alamu, ndi ya mnyamata amene wakhala kukhitchini usiku kudikira foni, uku mpopi ukudontha. Mpopi! Ife mjigo ukathyoka timathamangira kwa amfumu, anzathuwa amathamangira kokajambula nyimbo.

Pachikuto palibe nkhope ya munthu. Pali firiji, nyale yoimika ndi makina oyamwa fumbi m'nyumba, basi. Smith mwiniwakeyo sanachikonde, poti anamusankhira ndi akuluakulu a kampani osamufunsa. Ine ndinachikonda. Achemwali akhala akundilirira firiji chaka chonse, ndiye ndawajambulira imeneyi pafoni, ayambe ayang'anako kaye.

Koma tisanamizane, zinthuzi zimalowa m'mutu. Bezi ya Dempsey ndiyo imatsogolera njira, kukwera n'kutsika, gitala imangobaya apo ndi apo, youma, yopanda mafuta. Ndikamatchetcha kapinga, phazi limayamba lokha. Chomvetsa chisoni ndi kavinidwe. Bwana amaima malo amodzi, botolo m'manja, n'kumagwedeza mutu ngati nkhuku yachitopa. Chiuno chili phee, ngakhale fumbi osadzuka. Tsiku lina ndinamutsegulira Alan Namoko, anamvetsera banjo ija mpaka kumapeto n'kunena kuti ameneyunso ndi wa mtundu wa Smith. Sindinamutsutse, mwezi unali usanathe.

Gululi linabwera kudzayimba kuno mu 2019. Bwana anandionetsa chithunzi cha Smith: bambo wamkulu ndithu, tsitsi losadziwa chipeso, milomo yopaka zofiira. Pa Nkhamenya sangadutse pamsika ana osamuperekeza.

Ndakutumizirani nyimbo ziwiri pa WhatsApp, mukaziyese m'chigafa posoka fodya. Aganyu akathawa, mlandu si wanga. Mabelo akapita ku Chinkhoma mundiuze mtengo weniweni, osati ngati chaka chatha chija munadziikira nokha msonkho wa pa Kasungu boma.

Moni kwa amayi ndi onse a pamudzi.

Ndine mlamu wanu wa ku Joni